Kusaka Mwezi ndi Paipi ya Alamu

Lolemba, 25 Ramadani

Mlungu womaliza wa funga, kusala kudya kwathu. Mlungu woyamba wa ulemu wanga.

Ndilembe bwinobwino, kuti pasadzapezeke wokana mawu ake. Dzulo potuluka mu mzikiti, a Haji Bwanali, eni sukulu ya pulaiveti ya pamsewu ija, andigwira phewa pamaso pa anthu: "A Polofesa, paja mumati zakumwamba mumazidziwa. Lachisanu tikhala tikusaka mwezi wa Idi. Mukationetsa, sayansi ya Fomu 2 ndi yanu." Anthu aseka. Ine ayi. Ndawagwira dzanja.

Ndikalephera, alamu anga a Twaibu akudikira. Boti lawo likupita ku chilumba cha Mbenji Lamulungu, ndipo akufuna munthu wochaja mabatire ndi kusamala nyali zokopera usipa. Ine! Munthu amene ndinafika chaka chachitatu ku yunivesite, ndikuphunzira za kuwala kwenikweniko, mpaka mphunzitsi wina wamantha ataona kuti ndayamba kumufunsa zimene sakuzidziwa. Mkazi wanga Asiyatu, mlongo wawo wa a Twaibuwo, wadula nkhani: "Bambo a Zainabu, kusukulu kapena ku Mbenji. Kwachitatu kulibe." Ndavomera. Munthu amavomera msanga zimene akudziwa kuti sizichitika.

Zimene ndili nazo:
- katelesikopu kamene ndinapanga ndi galasi la mandala a malemu bambo anga. Kamagwira ntchito. Koma kamalowa m'thumba la kanzu, mkanjo wanga wa kumzikiti, ndipo kuno chinthu cholowa m'thumba sachilemekeza;
- mutu.

Zimene mudzi uno uli nazo:
- utsi;
- maganizo pa nkhani iliyonse.

Ndikufuna yaikulu. Ndayesa kuwafotokozera pagolosale kuti telesikopu ili ngati beseni pamvula: likakula pakamwa, limakola madzi ambiri. Galasi likakula, limakola kuwala kwambiri, ndipo chinthu chofooka ngati mwezi wongobadwa kumene chimaoneka. A Twaibu, osachotsa n'komwe maso pafoni: "Ndiye tikubwerekeni beseni, alamu?"

Mbuzi.

Mnzanga wa m'kalasi uja amene ankakopera ntchito yanga, lero ali kuchipululu cha ku Joni, akusuzumira mugalasi lalikulu ngati denga la mzikiti wathu. Amadzijambula atavala jekete yokhuthala, n'kutumiza pafoni. Galasi ndi la eni ake, jekete mwina n'njobwereka. Ine yanga idzakhala yanga.


Lachiwiri, 26 Ramadani

Ku Khombedza pa minibasi, mawondo m'chifuwa, dengu la utaka pamwendo, losakhala langa.

Koma ndalipeza! Kwa mkulu wina wogulitsa zitsulo zakale, pakati pa maloko opanda makiyi: galasi lochindikala pakati, lalikulu ngati sosala. Sakudziwa kumene linachokera. Akuti amayatsira fodya padzuwa. Dziko lino! Mukampatsa munthu diso la kumwamba, iye amaona machesi.

Paipi ndatenga pa nyumba imene a Twaibu akumanga. Ndi ya kuchimbudzi, koma n'njatsopano, sinaonepo kanthu. Ndiwauza zikatheka. Galasi lalikulu kutsogolo, kagalasi koyang'anira kumbuyo, mphira, phula pang'ono. Kutalika kwake kuposa chitseko ndi theka. Ana ayamba kale kuitcha mzinga wa a Polofesa.

Ubwino wa telesikopu yaikulu, monga ndauonera lero:
- anthu amaima n'kuyang'ana.

Kuipa kwake, kumene mabuku amakutchula mwaulemu kwambiri:
- sungainyamule wekha;
- ukapuma, imanjenjemera; nkhuku ikadutsa, imanjenjemera;
- imakuza chinthu, inde, koma imakuonetsa kachigamba kakang'ono ngati ukusuzumira pabowo la singano. Kupeza mlambe wonse wa pakati pa mudzi uja kwanditengera nthawi yokwanira kuphika nyemba.

Masana ndaisanjika pa nthambi ya mango, kuloza kunyanja, kuti ndiyese. Ndaitana Asiyatu kuti aone zimene mwamuna wake amatha. Waika diso, n'kukuwa: "Mayo! Boti la achimwene lagubuduka!" Mpaka wataya lichero, wayamba kuthamangira kudooko. Ndamugwira chitenje. Ndamuuza kuti telesikopu yoonera zakumwamba imaonetsa zinthu chadodolido, ndipo zilibe kanthu, chifukwa nyenyezi ilibe mutu kapena miyendo. Wamanganso chitenje chake, n'kunena: "Ndiye chida chanu chimanama." Sichinama! Chimangotembenuza.

Chakumadzulo kwabwera amayi atatu, nkhope zomanga, osalonjera n'komwe. Akuti mzinga wanga ukuloza kudooko kumene amayi amasamba. M'mwezi wa Ramadani. Ndalumbira kuti ndimayang'ana boti. Wamkulu wawo: "Boti limavala chitenje?" Lamulo ladulidwa pomwepo: paipi isadzalozenso kunyanja.

Chabwino! Mwezi watsopano umaonekera kumadzulo, kumtunda, mbali ya ku Chitala. Nyanja yawoyo aisunge. Ndaipatsa msana.


Lachitatu, 27 Ramadani

Dzulo itangotha futari, chakudya chomasulira funga, ndinayesa nyenyezi yowala ija ya kumadzulo. Ndi maso, ili phee. M'paipi, ikuvina ngati kalawi ka moto m'madzi.

Vuto si galasi langa. Vuto ndi mpweya wa mudzi uno. Nyumba iliyonse ikukazinga, kudooko akuwamba chambo ndi mlamba, wina akutentha zinyalala, mchenga ukutulutsa kutentha konse kwa tsiku. Galasi lalikulu limakuza nyenyezi, limakuzanso utsi wa anthu. Ndipo mdima ukangoti uyambe, panyanja ponse pamadzaza nyali za usipa, mzere kuchokera uku mpaka uko, kumwamba n'kuyererako ngati chigoba cha dzira. Nyali za a Twaibu ndi anzawo. Akupha nyenyezi kuti agwire tinsomba tosakwana chala. Ndipo akufuna ine ndikhale wozisamala!

Akatswiri anathana nazo kale zimenezi. Poyamba anathawira pamwamba pa mapiri. Kenako anati ngakhale phiri silikwanira, n'kuponya telesikopu kunja kwenikweni, kumene kulibe mpweya, kulibe mtambo, kulibe mlamu. Kumeneko nyenyezi siphethira.

Roketi ndilibe. Koma kusukulu kwa a Haji kuli thanki ya madzi pansanja yachitsulo, yaitali kuposa mtengo uliwonse kuno. Timakwerero take tam'munsi anatidula kalekale kuti ana asamakwere, ndiye kuti ufike pamene tayambira pamafunika makwerero aatali. Mudzi wonse uno, wa maboti a injini ndi mafoni odula, uli ndi makwerero aatali amodzi. A mzikiti.

Ndawabwereka. Alovi awiri a m'boti la a Twaibu andithandiza kukoka paipi ndi chingwe, akuseka mpaka kutsokomola. Mmodzi akuti, "Ikagwa tinena kuti inali ya ndani, a Polofesa?" Waizindikira. Ndamuuza kuti azikoka.

Kukwera uli pa funga, dzuwa lili pamutu, kukhosi kuli gwa. Koma pamwambapo! Mphepo yoyera. Utsi uli pansi pa mapazi anga, pamodzi ndi eni ake. Kumadzulo kukuoneka mpaka mapiri, popanda nthambi yotchinga. Ndawerengera pamene mwezi udzakhale Lachisanu, ndalozetsa paipi pomwepo, ndamanga ndi waya kuchitsulo. Mwera wayamba, ndiye ndamanga zolimba, kukulunga, kupotokola ndi pulayala, kukulunganso. Ngakhale njovu singaisunthe.

Ndatsika ngati munthu wochokera kumwezi. Palibe wandifunsa kuti kuli bwanji. Asiyatu wangoti malaya ndawadetsa ndi dzimbiri.

Fomu 2, konzekani. Phunziro loyamba: mpweya.


Lachinayi, 28 Ramadani

Njovu singaisunthe. Khwangwala waisuntha.

M'mawa ndapeza ali phee kunsonga kwenikweni, kumene kuli galasi, akudziyang'ana. Waitana mnzake. Awiri. Paipi yawerama pang'onopang'ono ngati munthu wopepesa, ndipo tsopano telesikopu yaikulu kuposa zonse m'boma la Salima ikuloza khola la mbuzi la a Haji.

Ntchito yochepa. Kukwera, kuwongola, kutsika. Ndathamangira kumzikiti.

Makwerero ali pakhoma, munthu ali pamwamba ndi ndowa ya laimu. Akupaka mzikiti pokonzekera Idi. Ndapempha kanthawi kochepa chabe. Wopakayo, osatembenuka: "Nyumba ya Allah idikire paipi ya kuchimbudzi?" Nkhani yafika kale mpaka kuno. Alovi aja pakamwa pawo ndi ukonde wong'ambika.

Apa ndiye ndakumbukira tsamba lachiwiri la phunziro lija, limene ndinkalidumpha chifukwa silinkandisangalatsa. Telesikopu ya kunja kwa dziko imaona bwino kuposa zonse, koma ikadwala, sing'anga wake ndani? Ina anaitumiza galasi lake litapalidwa molakwika pang'ono, mpaka anachita kutumiza anthu kuti akaikonze. Ina yatsopano ili kutali kupitirira mwezi, kumene palibe angapite ndi sipanala. Kachitsulo kamodzi kakakana, chuma chonse chija n'kungokhala chokongoletsa mumdima. Ndinkawaseka. Iwo bola, kwawoko kulibe akhwangwala.

Zimene ndayesa:
- nsungwi. Yaifupi;
- nsungwi ziwiri zolumikiza. Zafika, zakankha, paipi yatembenukira mbali ina. Tsopano ikuloza khitchini ya a Haji;
- mwala, kuti khwangwala achoke. Wagunda thanki. Phokoso lake lamveka mpaka kumsika;
- kutukwana, chamumtima, chifukwa ndili pa funga.

Phokoso lija latulutsa a Haji. Ayang'ana kumwamba, ayang'ana ine. Ndiye awonjezera chimene sanachitchule Lamulungu: "Paja mukudziwa mwambo, a Polofesa. Mwezi sumveka ndi pakamwa pamodzi. Pakhale wachiwiri woona, wochitira umboni." Ndati akwere iwowo. Andionetsa mawondo awo. Ashehe, amene amadutsa, angoti iwo anaphunzira za maso, za paipi akafunsa kaye.

Ndiye mboni yanga ndani? A Twaibu, akumwetulira ngati ng'ona: "Ndikwera ine, alamu. Paipi n'njanga, ndiyenera kuona zimene imaona." Munthu yekhayo m'dziko lino amene akufuna kuti ndilephere, ndiye mboni yanga.

Asiyatu watulutsa chikwama changa pansi pa bedi. Akuti akungochipukuta fumbi.


Lachisanu, 29 Ramadani



Laimu wauma, makwerero andipatsa dzuwa litapendeka kale. Ndakwera. Ndapukuta zimene akhwangwala asiya pagalasi, zambiri ndithu. Ndawongola paipi, ndawerengeranso, ndamanganso waya, kawiri kuposa poyamba. Munthu sagwa m'mbuna imodzi kawiri.

Pansi anthu ayamba kusonkhana. Mikeka, mafulasiki, zitumbuwa m'mbale zovundikira. Theka la mudzi. Chaka chilichonse amakasakira mwezi kubwalo la mpira, koma lero abwera kusukulu kudzaona Polofesa akugwa. Mitu yonse chagada, kuyang'ana ine.

Dzuwa lalowa. Azana, kuitana kwa kumzikiti, yamveka. Pansi akumasula funga, ine ndameza malovu. Ndaitana a Twaibu. Akweza dzanja lodzaza mpunga: "Ndikubwera, alamu!" Ndayang'ana kumene kunali makwerero. Kulibe. Uko, akupita pamapewa a anthu awiri, akuti akakwezere chimkuzamawu pamzikiti, mwina Idi ikhala mawa.

Zilibe kanthu. Diso m'paipi. Kachigamba kofiirira, kopanda kanthu. Ndikudikira. Mawerengero anga sanama.

Kenako phokoso. "Uwo! Uwo!" Ana akulumpha, amayi akululutira, amuna ayamba takibira, mfuu yotamanda Allah. Ndikuganiza kuti akundinena, sindichotsa diso. Ndiye mawu a Asiyatu, amene ndikhoza kuwamva ngakhale ndili m'manda: "Bambo a Zainabu! Chotsani diso m'paipi! Uli pakhutu panu!"

Ndachotsa. Uli apo. Kachikhadabo koyera, pambali pa paipi yanga, mtunda wa zala ziwiri basi. Zala ziwiri! Mudzi wonse ukuuona ndi maso aulere. Ine ndekha, mwini chida, ndimayang'ana pambali pake.

Kusuntha paipi pang'ono chabe. Koma ndani wamanga waya ameneyu? Chitsiru chiti chapotokola chonchi? Pulayala ili pansi, pamene ndinaiponya nditamaliza kumanga. Ndamasula ndi zala, ndi mano, chikhadabo chathyoka, mwezi ukutsikira kumapiri osandidikira. Waya wamasuka. Paipi paphewa, kupuma ndasiya. Kumanzere. Kumwamba. Wadutsa ngati nsomba. Kubwerera.

Ndaupeza.

Sindidziwa ndilembe bwanji. Nyanga zake zazondoka, inde. Koma suli ngati chikhadabo ayi. Mkati mwake muli manomano ngati chikwakwa chakale, ndipo manowo ndi mapiri, dzuwa likuwawomba kunsonga. Mbali yamdima ija nayo ikuoneka, yotuwa ngati phulusa, mpira wonse wathunthu uli lende popanda chougwira. Sukunjenjemera n'komwe. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu za chinthu chimenechi, ndipo ndinali ndisanachione chonchi.

Ndakuwa: "Mboni! Mboni ibwere!"

Pansi pali mbuzi ya a Haji, ikudya khoko la nthochi. Anthu onse apita kumzikiti. Chimkuzamawu chikugwira bwino ntchito, chifukwa chakwezedwa pamwamba ndi makwerero abwino.

Mwezi walowa. Funga yanga ya tsiku lomaliza ndamasulira madzi a m'thanki, ndi chikhato, ngati nyani. Udzudzu wa kuno umafika pamwamba, mabuku alembe zimenezo. Makwerero abwera swala ya isha, pemphero la usiku, itatha, kutsogolo Asiyatu, kumbuyo a Twaibu akutokosa m'mano. "Mwandisungira mwezi wanga, alamu?"


Loweruka, Idi

Kanzu yoyera, chala chomanga nsanza. Aliyense wondipatsa moni wa Idi akuyamba wayang'ana kumwamba.

Zimene ndamva lero, ndisanafike n'komwe pabwalo la swala:
- "Mwatsika liti?"
- "Kumwambako Idi ndi lero kapena mawa?"
- kamtsikana kena kwa amayi ake: "Awo ndi aja a pathanki."

Swala itatha ndawatsekera njira a Haji. Mlandu wanga ndaukonza bwino. Munati ndikuonetseni mwezi. Anthu anasonkhana chifukwa cha ndani? Anayang'ana kumwamba chifukwa cha ndani? Anayang'ana mbali yoyenera chifukwa paipi ya ndani inaloza kumeneko? Chaka chatha munakhalira kukangana kubwalo la mpira mpaka mwezi unalowa, n'kudikira wailesi. Chaka chino mwauona nonse, nthawi imodzi. Ndakuonetsani!

A Haji asisita ndevu. "Mwanena zoona, a Polofesa. Tinauona poyang'ana inu. Koma tinkayang'ananso thanki. Ndiye thankiyo nayonso iphunzitse Fomu 2?" Anthu agwa nazo. Ndawauza za mapiri, za mbali yotuwa ija. "Mboni yanu?" Ndatsala pang'ono kutchula mbuzi yawo.

Kenako anditengera pambali, mawu atsika, ndipo apa ndiye pandipweteka kuposa kuseka kuja. "Mwana wanga, makolo amafunsa pepala. Mukanangomaliza chaka chimodzi chija." Malowo apatsa kale mphwawo, wa dipuloma, amene amakhulupirira kuti nyenyezi yothothoka ndi mfiti yagwa m'lichero.

Nkhomaliro kwa a Twaibu. Mpunga wa nyama ya mbuzi. Ndikukhulupirira kuti ndi mbuzi ija. Ndadya mboni yanga, ndawonjezera kawiri.

Pobwerera kunyumba Asiyatu wayamba yekha, maso ali panjira: "Munauonadi?" Ndati eya. "Unali bwanji?" Ndamufotokozera zonse, manomano, phulusa, mpira uli lende. Sanaseke. Wayenda pang'ono, ndiye wati, "Mukanandiitana." Ndati ndinaitana mpaka mawu kusasa. "Munaitana mboni. Ine simunandiitane."

Akanakwera bwanji, makwerero kulibe? Akazi ndi mfundo zawo.


Lamulungu

Chikwama n'chopukutidwa kale. Anthu ena amaona zakutsogolo popanda galasi.

M'chikwama:
- malaya atatu, amodzi a dzimbiri;
- pulayala, tsopano pamene sikufunikanso;
- sopo, bulangeti, mankhwala a udzudzu;
- buku langa la za kuwala. Pachilumba pepala limasowa.

Ndinafuna kutsitsa telesikopu ndisanapite. Makwerero apita ku Chitala, abwerekedwa ndi achibale a ashehe amene akufolera nyumba. Abwera liti? "Akamaliza." Ndiye ili pomwepo, pamwamba pa utsi wonse, pamalo abwino kuposa ena onse m'dera lino, galasi labwino, popanda woyang'anamo. Yawerama kale. Akhwangwala alipo atatu, wina wanyamula kamtengo kukamwa. Ndalowa m'gulu la maiko otukuka: ndili ndi chida kumwamba chimene sindingachifikire.

A Twaibu akuti za paipi tikambirana pachilumba. Akutinso nyali zawo ziziwala kuposa za wina aliyense, popeza tsopano ali ndi polofesa. Ziwala. Ndizikonza mpaka kumwamba kuyere ngati laimu wa pamzikiti. Ngati ine sindiziona nyenyezi, asazionenso wina.

Katelesikopu kakang'ono kaja ndinakaika m'thumba la kanzu. Kasowa. Ndakapeza m'manja mwa Asiyatu, pakhonde, akuyesa kuloza chilumba, diso limodzi lotsinzina molakwika. Ku Mbenji akazi saloledwa, ndiye akuti aziona kuchokera pano ngati ndikugwiradi ntchito.

Ndamukumbutsa kuti ndizioneka chadodolido.

"Ndinazolowera," watero, osachotsa diso.

Injini yalira kudooko. Ndanyamula chikwama.